Magazi a Tiferanji

Amabwera Lachiwiri loyamba la mwezi pa chapa ya ku Domwe,
bambo ake atamukhazika pa thumba la kachewere,
makalata a chipatala ali m'jumbo, jumboyo m'jumbo ina,
kuopa mvula.
Amapinda yekha mkono wa juzi.
Zaka zisanu ndi chimodzi, koma singano amaiyang'ana
ngati ntchentche yotera pa mkono wa wina.

Ine ntchito yanga ndi madontho.
Zaka khumi ndi zinayi pa tebulo lino la ku Ulongwe
ndaona magazi akukanana pa galasi:
dontho ili, dontho ilo, kamtengo kotakasira,
usanaphethire kawiri agwirana timibulu
ngati mkaka umene wagona m'chipanda.
Magazi sadziwa ulemu.
Sanena kuti lowani, khalani pa mpando.

Buku likuti mwanayu ndi wa gulu O.
Buku lomwelo, tsamba lachitatu, m'Chipwitikizi cha dokotala wothamanga,
likuti mtima uli m'chifuwa mwake ndi wa gulu A.
Tsiku loyamba ndinawerenga katatu,
ndinapukuta magalasi, ndinaitana Senyora Zefa,
tinati wolemba anali ndi tulo.

A Jowakimu anangotsegula mabatani a diresi la mwanayo.
Chipsera chowongoka ngati mzere wa mbewu,
kuchokera pakhosi mpaka pamwamba pa mchombo.
Anali ndi miyezi isanu, iwo anatero,
milomo ili bii ngati wadya nthudza,
akayamwa pang'ono, thukuta, kenaka wefuwefu.
Ndege anakwera ndi amake ndi sisitere wa ku mishoni.
Ine ndinatsala ndi ng'ombe imodzi mwa zinayi.
Kumeneko anati kudikira mtima wa gulu lake
nkudikira maliro. Unapezeka wina. Anati tiyese,
thupi lake silinaphunzire kukana.

Silinaphunzire.
Mawu amenewo ndimapita nawo kunyumba madzulo,
ndimawoloka nawo msika, pakati pa kabichi ndi matayala akale.
Kani asilikali a m'thupi nawonso amayamba ali makanda,
sadziwa yunifolomu ya mdani.
Amene am'peza m'nyumba potsegula maso
amamuyesa wa pakhomo.

Lero ndayesanso.
Madzi a magazi ake pa maselo a gulu B:
nkhondo pompo, timibulu tokhatokha.
Si wofatsa ayi, mwana wa a Jowakimu.
Ndiye pa maselo a gulu A.
Ndapendeketsa galasi, ndawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi,
ndayandikiza ku zenera chifukwa magetsi anapita m'mawa.
Dontho lili phee, losalala, lofiira mofanana,
ngati palibe chachitika.

Sindikunama kuti zonse zatha.
Pali timapilisi ta m'mawa ndi ta usiku,
tochokera ku Tete m'kabokosi ka ayezi
timene mwezi wa Febuluwale tinachedwa masiku anayi
mlatho utamira, a Jowakimu osagona.
Chifuwa cha mwana wa mnansi kwa iye ndi chilombo.
Sindidziwa za chaka cha mawa. Buku silinena.

Ndipo kwinakwake kuli mayi amene sindidzamuona,
amene anasaina pepala manja akunjenjemera.
Mwana wake sanafike pokwawa.
Gulu la magazi ake ndi lokhalo ndikudziwa,
chilembo chimodzi, choyamba pa bolodi la sukulu.

Tiferanji wagwira thonje pa mkono,
akufunsa ngati chubu chopanda kanthu angatenge,
akufuna kusungiramo ziwala.
Ndamupatsa ziwiri.
Watuluka chothamanga, bambo ake akukuwa kuti pang'onopang'ono,
iye osamva,
fumbi la pabwalo kobo,
mpaka pa geti pamene mayi wogulitsa mapichesi
wayamba kale kumusankhira lakupsa.